PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUDZIWA TIZILOMBO TOULUKA POYANG'ANA MAPIKO

 

Phunziro la mwezi uno ndi la tizilombo touluka. Ena adabwa kuti nkhani yotere ikufunanji m'kalata yathu. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Seputembala kuno kumafunda, mazenera timatsekula, ndipo tizilombo timalowa m'zipinda zathu. Tambiri mwa ito sitinationepo kwathu. Tsono munthu akaona kachilombo kachilendo amachita mantha n'kutaya ndalama zake pa mankhwala opopera, kapena amakanyozera pamene ndi komwe kangamubweretsere mavuto ndi eni nyumba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndikufuna kuti tiphunzire chinthu chimodzi chosavuta, ndicho kuyang'ana mapiko.

1. THUPI LA KACHILOMBO

Tiyambe ndi thupi. Tizilombo tonse ta gulu limene tikukambali tili ndi miyendo isanu ndi umodzi, tinyanga tiwiri pamutu, ndi thupi logawika patatu: mutu, chifuwa ndi mimba. Miyendo ndi mapiko zonse zimamera pachifuwa. Kangaude ndi nkhupakupa yaikulu ali ndi miyendo isanu ndi itatu ndipo alibe mapiko, choncho sali m'gululi.

Chachiwiri, mapiko owulukira amakhala ndi kachilombo kokhwima kokha. Mbozi, mphutsi ndi ana a dzombe sawuluka. Ndiponso ntchentche ikatuluka ndi mapiko yasiya kukula. Kantchentche kakang'ono kozungulira nthochi zakupsa m'khitchini si mwana wa ntchentche yaikulu ija ayi, ndi mtundu wina.

M'chaka cha 1758, katswiri wa ku Sweden dzina lake Carl Linnaeus anagawa tizilombo m'magulu potengera mapiko. Ndiye chifukwa chake mayina ambiri a magulu amathera ndi mawu a Chigiriki akuti ptera, kutanthauza mapiko. Diptera ndi a mapiko awiri, Lepidoptera ndi a mapiko a mamba, Coleoptera ndi a mapiko okhala m'chimake. Mayinawa simuyenera kuwaloweza. Chimene ndikufuna mugwire ndi mafunso anayi awa:

a) Kodi mapiko ndi angati, awiri kapena anayi?
b) Kodi ndi owonekera ngati galasi, olimba ngati chigoba, kapena ali ndi fumbi?
c) Kodi kakatera kamawapinda bwanji?
d) Kodi akutsogolo ndi akumbuyo ndi ofanana kutalika?

2. A MAPIKO AWIRI: NTCHENTCHE NDI UDZUDZU

Tizilombo tambiri tili ndi mapiko anayi, koma banja la ntchentche lili ndi awiri okha. Pamalo pa mapiko akumbuyo pali titimitengo tiwiri ta mitu yobulungira ngati machesi, timene timathandiza kuti kachilombo kasapendekeke kakamauluka. Palibe wa m'banjali amene ali ndi mbola. Ena amaluma ndi pakamwa, monga udzudzu ndi kashembe.

M'mwezi wa Seputembala mudzaona chinthu chonga udzudzu waukulu kwambiri, cha miyendo italiitali, chikugundagunda pa khoma pafupi ndi babu. Eni dziko amachitcha crane fly kapena daddy-long-legs. Ambiri a ife tikachiona koyamba timati udzudzu wa kuno ndi woopsa. Chimenechi sichiluma konse, ndipo sichikhala masiku ambiri. Mphutsi zake zimakhala m'nthaka pansi pa kapinga. Chifukwa ndi chachikulu, pa icho ndi pomwe mungaone bwino titimitengo tija kumbuyo kwa mapiko. Chitulutseni panja basi.

Udzudzu weniweni kuno ulipo, makamaka pafupi ndi madzi oima, koma malungo safalikira mu Ireland. Komabe nkhani ya malungo isatichoke m'mutu. Pa 20 Ogasiti 1897, dokotala Ronald Ross ali ku Secunderabad m'dziko la India anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu umene iye anauzindikira ndi mapiko ake a mawangamawanga. Umenewu ndi mtundu wa Anopheles, womwe umatipatsa malungo kwathu. Ukatera pa khoma umazondoka, mutu pansi mimba m'mwamba, pamene udzudzu wamba umakhala thupi lili chogona. Woluma ndi waukazi, ndipo umakonda usiku.

Apa ndikufuna ndinene mosapsatira. Malipoti a bungwe la boma lounika matenda opatsirana la HPSC akhala akuonetsa kuti ambiri mwa opezeka ndi malungo mu Ireland ndi anthu amene anapita kukaona abale kumayiko kwawo mu Africa. Anthu amenewo ndi ifeyo. Timaganiza kuti popeza tinakulira ku Nsanje kapena ku Salima, thupi linazolowera. Koma chitetezo chimene thupi linali nacho chimachepa munthu akakhala nthawi kunja, ndipo ana obadwira kuno alibiretu. Choncho ngati mukukonza ulendo wa kumudzi, kaonaneni ndi dokotala kudakali masabata angapo kuti akupatseni mankhwala oteteza, ndipo mukagone mu neti. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi, musangoti ndi chimfine cha kuno. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene dziko limene munapitako, ngakhale patapita miyezi.

Kwa amene kwanu ndi pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu kapena Vwaza, mukumbukire kashembe amene amapatsa matenda a kaodzera. Akatera amasanjikiza mapiko limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka, mlomo wake uli chilozere kutsogolo, ndipo pakati pa phiko pali mizere yojambula kankhwangwa. Kashembe kuno kulibe. Olumaluma a kuno ndi tintchentche tating'onoting'ono totchedwa midges, timene timachuluka madzulo opanda mphepo kumapiri a Dublin ndi Wicklow, ndi ntchentche yotuwa ya mapiko a mawanga yotchedwa cleg, imene imatera mwakachetechete n'kuluma mopweteka. Malaya a manja aatali ndi mankhwala odzola othamangitsa tizilombo amathandiza.

3. A MAPIKO ANAYI OWONEKERA: NJUCHI, MAVU NDI NYERERE

Njuchi ndi mavu ali ndi mapiko anayi, akutsogolo aakulu, akumbuyo aang'ono. Pouluka, lakumbuyo limakoledwa ku lakutsogolo ndi tingowe ting'onoting'ono, n'chifukwa chake amaoneka ngati awiri. Njuchi ya uchi imakupiza mapiko pafupifupi ka 230 pa sekondi imodzi, ndipo kulira kumene timamva kuja ndi mapikowo.

Mu Ireland muli mitundu ya njuchi pafupifupi 100, koma yopanga uchi wa m'ming'oma ndi umodzi wokha. Pali njuchi zina zonenepa, zaubweya, zouluka mwaulesi, zotchedwa bumblebee. Ngakhale zimalira ngati galimoto, ndi zofatsa, siziluma pokhapokha mutazifinya. Akatswiri anapeza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mitundu ya njuchi za kuno lili pangozi yotheratu, ndipo m'chaka cha 2015 kunayambika ndondomeko yotchedwa All-Ireland Pollinator Plan. Mukaona malo ena m'mapaki udzu wasiyidwa osatchetcha, maluwa akutchire ali mbuu, si kuti antchito achita ulesi. Asiyira njuchi chakudya. Inu amene mumagwira ntchito yosamala mabwalo, izi muzidziwe.

Mavu a kuno ndi osalala, a mizere yachikasu ndi yakuda, a m'chiuno mowonda kwambiri. Akatera amapinda mapiko m'litali mpaka kuoneka ngati timizere tiwiri. Amavutitsa kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala. Chifukwa chake n'chakuti nyengo yonse amadyetsa mphutsi zawo tizilombo, ndipo mphutsizo zimawapatsa timadzi totsekemera. Mphutsi zikatha m'chisa, mavu amayamba kusaka shuga m'mabini ndi m'zitini zathu za zakumwa. Tsono musamwe chakumwa cha m'chitini chimene chakhala panja chotsekula musanayang'anemo. Njuchi ya uchi ikaluma imasiya mbola pakhungu, ndipo muyenera kuichotsa msanga poipala ndi chikhadabo. Mavu sasiya mbola, amatha kuluma kangapo. Munthu akalumidwa n'kuyamba kutupa milomo kapena lilime, kubanika kapena chizungulire, imbani 112 kapena 999 nthawi yomweyo.

Palinso ntchentche ina yonamizira mavu, yotchedwa hoverfly. Ili ndi mizere yachikasu ndi yakuda, koma mapiko ndi awiri okha, maso aakulu odzaza mutu, tinyanga tatifupi, ndipo imatha kuima malo amodzi m'mwamba. Ilibe mbola. Imathandiza maluwa kubereka, ndipo mphutsi za mitundu yambiri zimadya nsabwe za m'masamba. Musaiphe.

4. MAVU ACHILENDO OYENERA KUWANENA

Pali mtundu umodzi umene boma likupempha aliyense kuti akhale nawo tcheru. Dzina lake ndi Asian hornet. Unafika ku France cha m'ma 2004 m'katundu wochokera ku China, ndipo kuchokera apo wafalikira m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Umadikirira pakhomo pa mng'oma n'kumagwira njuchi imodziimodzi mpaka mng'oma kufooka. Mu Ireland woyamba anapezeka mu Epulo 2021 m'nyumba ina kumpoto kwa mzinda wa Dublin, ali yekha. M'chaka cha 2025 zisa ziwiri zinapezeka ndi kuchotsedwa, china mu mzinda wa Cork, china ku Cobh.

Maonekedwe ake ndi awa: ndi wamkulu kuposa mavu wamba, thupi ndi lakuda kwambiri, nkhope ndi yofiirira ngati lalanje, chakumapeto kwa mimba kuli lamba mmodzi wotambalala wa mtundu womwewo, ndipo nsonga za miyendo ndi zachikasu ngati wavala masokosi. Anthu ambiri amamusokoneza ndi chilombo china chachikulu chotchedwa giant woodwasp, chimene chilibe chiuno chowonda ndipo chachikazi chili ndi chinthu chonga singano yaitali kumbuyo. Singanoyo ndi yoikira mazira m'mitengo, siiluma munthu.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa ambiri a ife timagwira ntchito m'mawerehausi a ku Citywest ndi m'mbali mwa msewu wa N7, kumene timatsekula mapaleti ndi makontena ochokera kunja. Njira imene mavuwa amayendera ndi yomweyo. Mukaona chokayikitsa, musachigwire ndi manja ndipo musayandikire chisa. Jambulani chithunzi ndi foni muli potero, uzani kapitawo wanu, ndipo chithunzicho chitumizidwe ku National Biodiversity Data Centre, amene amalandira malipoti otere. Ife a ku Malawi tikudziwa zimene mlendo wotere angachite. Ntchemberezandonda zachilendo zija zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwa 28 mwagwa tsoka. Amene amaikira mazira a mbozi zimenezi ndi kagulugufe ka usiku kamene munthu sangakaganizire n'komwe.

5. NYERERE ZA MAPIKO SI NGUMBI

Tsiku lina lotentha mu Julayi kapena Ogasiti mudzaona tizilombo ta mapiko tikutuluka m'ming'alu ya simenti ndi kudzaza pa siteshoni ya Luas. Mtima udzakumbuka mvula yoyamba, nyali pa chulu ndi chiwaya pamoto. Pepani abale, zimenezo si ngumbi. Mu Ireland mulibe chiswe cha m'chilengedwe. Zimene mukuonazo ndi mafumukazi ndi amuna a nyerere zakuda zimene zatuluka kukakwerana. Zikatha, zazimuna zimafa ndipo zazikazi zimathothola mapiko n'kukayamba mudzi watsopano.

Kusiyana kwake nkotere. Ngumbi ili ndi mapiko anayi ofanana ndendende, otalika kupitirira thupi, tinyanga towongoka, ndipo ilibe chiuno. Nyerere ili ndi mapiko akutsogolo aakulu kuposa akumbuyo, tinyanga topindika ngati chigongono, ndi chiuno chowonda. Ngakhale kwathu amayi athu amadziwa kuti mafulufute ndi ena, ngumbi ndi zina, pakuti mafulufute ndi a banja la nyerere. Za kunozi musatole. Ndi zazing'ono, ndipo simudziwa mankhwala amene anapopera pamalopo. Tsekani mazenera maola ochepa, zimatha zokha.

6. A MAPIKO A FUMBI: AGULUGUFE NDI NJENJETE

Mukagwira gulugufe, pa zala pamatsala fumbi. Fumbi limenelo ndi timamba tosanjikizana ngati matailosi a padenga. Gulugufe wa masana akatera nthawi zambiri amaimika mapiko pamodzi pamsana, ndipo tinyanga take tili ndi timitu kunsonga. Anzake a usiku amagoneka mapiko kapena kuwayala ngati denga. Ambiri mwa olowa m'nyumba potsata magetsi alibe vuto lililonse.

Ovuta ndi awiri aang'ono. Woyamba ndi njenjete ya zovala, yamtundu wa golide, yosakwana sentimita imodzi, yokonda mdima. Imene imaboola majuzi a ubweya ndi makapeti ndi mphutsi yake. Mateyu 6:19 amatchula kachilombo komweka pochenjeza za chuma chosungidwa, kusonyeza kuti vutoli ndi lakalekale. Chapani zovala musanazisunge, ndipo muzisunge m'matumba otseka bwino. Wachiwiri ndi njenjete ya m'zakudya, imene phiko lake ndi lotuwa kumtunda ndi lofiirira ngati mkuwa kumunsi. Mukaona ulusi ngati wa kangaude mu ufa, mpunga kapena mtedza, ndi ntchito ya mphutsi zake. Ife timagula ufa wa nsima m'matumba aakulu kuti utsike mtengo, ndiye tisamale. Ufa watsopano uikeni mufiriza kwa sabata imodzi, kenako muusunge m'chigubu cha chivindikiro cholimba. Musathire mankhwala opopera pa chakudya.

7. A MAPIKO OLIMBA, NDI OPANDA MAPIKO

Zikumbu zili ndi mapiko akutsogolo olimba ngati chigoba, okumana pamzere wowongoka pakati pa msana. Owulukira amapindidwa pansi pake. Anankafumbwe a m'chimanga ndi a banja limeneli. Mu Meyi madzulo, chikumbu chachikulu chofiirira chotchedwa cockchafer chimagunda pa zenera mwaphokoso, koma sichiluma.

Mphemvu ili ndi mapiko onga chikopa, osanjikizana pamsana. Yofala m'makhitchini a kuno ndi yaing'ono, yofiirira, ya mizere iwiri yakuda kuseri kwa mutu, ndipo imathamanga m'malo mouluka. Inu ogwira ntchito m'mahotela, m'malesitilanti ndi m'nyumba zosamalira okalamba, mukaiona masana dziwani kuti zilipo zambiri, ndipo nenani kwa akuluakulu a pantchito.

Tsono mverani bwino apa. Kachilombo kamene kangatisowetse mtendere koposa m'nyumba za lendi kalibe mapiko. Ndikunena nsikidzi. Ngati chimene mwachipeza pabedi chikuuluka, si nsikidzi. Nsikidzi ndi yaphwatalala, yofiirira, yaikulu ngati njere ya apozi, ndipo imasiya timadontho takuda m'misoko ya matiresi. Imayenda m'masutikesi, m'zovala ndi m'mipando yakale. Choncho matiresi kapena sofa yotayidwa panja musaitole, ngakhale ioneke yatsopano. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zofunda zichapidwe pa madigiri 60. Nsikidzi si chizindikiro cha uve, zimalowa ngakhale m'mahotela apamwamba, ndiye musabise chifukwa cha manyazi kapena kuopa kutulutsidwa m'nyumba. Mukachedwa zimalowa m'zipinda za anzanu ndipo mtengo wozithetsa umakwera. Jambulani chithunzi, dziwitsani eni nyumba mwa kalata kapena uthenga wa pafoni kuti pakhale umboni wa tsiku, ndipo ngati simukumvana, bungwe la Threshold limapereka uphungu waulere kwa anthu a lendi.

8. DZOMBE

Sindingatseke osatchula dzombe, ziwala ndi bwamnoni. Awa ali ndi mapiko akutsogolo owonda ndi okhuthala, akumbuyo opindika ngati chokupizira mphepo, ndi miyendo yakumbuyo yaitali yodumphira. Mukawerenga Levitiko 11:20-23 mudzaona kuti Aisraeli anapatsidwa njira yosiyanitsira tizilombo ta mapiko poyang'ana miyendo yodumphira yomweyi, ndipo dzombe linali m'gulu lololedwa kudya. Ndi chakudya chimene Yohane Mbatizi ankadya m'chipululu pamodzi ndi uchi. Kwathu dzombe lofiira limaswana m'madambo a ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndipo bungwe la mayiko loliyang'anira lili ndi likulu lake ku Ndola m'dziko la Zambia. Kuno kuli tiziwala ting'onoting'ono ta m'udzu, tosawononga mbewu. Aonetseni ana anu amene sanafikeko kumudzi, kuti akamamva za dzombe adziwe chimene chikunenedwa.

9. CHOCHITA MUKAPEZA KACHILOMBO KOSAKADZIWA

Vindikirani ndi tambula yagalasi, lowetsani pepala lolimba kunsi. Dikirani katere, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Werengani miyendo ndi mapiko, yang'anani chiuno ndi tinyanga. Ikani kandalama ka 1 euro pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo jambulani kuchokera pamwamba ndi m'mbali. Mukatero funsani mnzanu, pakuti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ngati ndi njuchi, hoverfly, gulugufe kapena crane fly, katulutseni panja kamoyo. Ngati ndi nsikidzi, mphemvu kapena mavu achilendo aja, nenani msanga kwa oyenera.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Tchulani zinthu zitatu zosiyanitsa ngumbi ndi nyerere ya mapiko.
2. Kodi hoverfly mungamusiyanitse bwanji ndi mavu?
3. Ndani m'gulu mwanu akukonza ulendo wa kumudzi chaka chino, ndipo kodi waonana kale ndi dokotala za malungo?
4. Mbale kapena mlongo akapeza nsikidzi m'chipinda chake, gulu lingamuthandize bwanji popanda kumuchititsa manyazi?

Atsogoleri a magulu, chonde werengani phunziroli mokweza chifukwa cha anzathu amene amabwera mochedwa kuchokera ku shifiti, ndipo pepalali mukatha nalo mupatsireko wina. Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi mabanja anu, kuno ndi kumudzi.

Ndine mbale wanu,
wa gulu la ku Citywest